Kawotchi ka m'chifuwa: masabata atatu ku Harare

Lolemba, 6 Okutobala, pa Nyamapanda

Ndikulemba nditakhalira chikwama changa panja pa ofesi yodinditsira mapasipoti, mbali ya Zimbabwe. Katundu yense wa m'basi amutsitsa, wayalidwa pansi ngati kaunjika, tikudikira oti amuone. Dzuwa lapendeka koma simenti ikuotchabe.

Tinanyamuka pa Wenela kusanache. Pa Mwanza tinatayapo maola awiri, pa Zobue anyamata osintha ndalama anatiunjirira ngati ntchentche pa bango la nzimbe. Ndinasintha yongokwanira buledi ndi chakumwa. Ukangotsetsereka kuchoka pa Zobue kamphepo ka m'mapiri kamakusiya, ndiye pofika ku Moatize, kuja kuli migodi ya malasha, m'basi monse munali zii, aliyense akudzikupiza ndi pasipoti. Zambezi tinawoloka dzuwa likuswa mtengo. Madzi anga anali atasanduka tiyi wopanda masamba, koma mayi wina wa ku Lunzu, amene amapita ndi zitenje ku Harare mwezi ndi mwezi, anandigawira ake amene anawaumitsa mufiriji dzulo. Anandilangizanso kuti usipa ndiukwirire pansi pa zovala, ndipo ndileke kuyang'anayang'ana chikwamacho ngati muli mwana.

Anandifunsa chimene ndikukachita. Ndinati ndikukaona achemwali. Sindinaname, kungoti sindinanene zonse. Mwana wa achemwali anga, mtsikana wazaka 19, akukamuchita opaleshoni ya mtima, ndipo ine ndikupita kukadwazika. Mawu akewo akundikanika pakamwa, ngati ndikawatchula ndiputa tsoka.

Lachiwiri, 7 Okutobala, Mabvuku

Tinalowa mu Harare cha m'ma 11 usiku. Msewu wa Mutoko ndi Murewa ndinangouonera m'magetsi a basi, tikupitirira malole onyamula miyala yakuda, umodzi kukula ngati khitchini. Alamu anali kundidikira pa Roadport atavala chijasi, ine thukuta la ku Tete lisanaume. Kuno n'kumtunda, usiku kumazizira ngakhale mwezi uno.

M'mawa mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda n'kunena kuti "Mwadzuka bwanji?" Ndinachita kucheuka kawiri. Ku Mabvuku ndi Tafara kuli anthu ambiri amene makolo awo anachokera kwathu nthawi ya chitaganya, 1953 mpaka 1963, ena kale kuposa apo, kudzaphika m'makhitchini a azungu ndi kudzagwira ntchito pafakitale ya simenti ili chapafupipa. Bambo a alamu anachokera ku Dedza. Alamuwo ku Dedza anapondako kawiri kokha chibadwire, koma akakwiya amakalipa m'Chichewa cha pa Linthipe chenicheni.

Mwanayo ndinamuona komaliza zaka zinayi zapitazo ali wojintcha, akusewera netibo. Lero amagona atatsamira mapilo atatu chifukwa akagona chagada amabanika. Kuchoka kuchipinda kufika pakhonde wayamba kale wefuwefu. Mapazi atupa moti ukadina ndi chala pamatsala kadzenje. Ataona kuti ndamuyang'anitsitsa anaseka. "Mainini, musandione ngati maliro." Mainini ndiye mayi wamng'ono m'Chishona, ndipo ndi dzina langa kuno. Ndinapita kuseri kwa nyumba, pobwera ndinanamizira utsi wa mbaula.

Madzulo ndinaperekeza ana kumjigo ndi zigubu pa wilibala. Mzere wake ngati wa ku Ndirande madzi akasiya.

Lachinayi, 9 Okutobala, m'tauni

Kombi ndi minibasi yathu yomweyi, kuthinana kwake chimodzimodzi, kungoti kondakitala kuno ndi hwindi. Dola imodzi kufika pa Fourth Street. Ndalama imene ikuyenda ndi dola ya America, palinso yawo ya ZiG imene inayamba mu 2024, ndipo chenji chikasowa m'golosale amakupatsa maswiti. Kuchoka pamenepo tinachita hayala takisi poti mwana sangayende. Misewu yolowera ku Parirenyatwa jakaranda wachita maluwa, pansi pali pepo yekhayekha, koma maso anga anali pa mapewa a mwana, kuwerenga mmene akukwerera ndi kutsika.

Chipatalachi ndi mudzi wathunthu. Kale chinkatchedwa Andrew Fleming. Dzina la pano ndi la Dr Tichafa Samuel Parirenyatwa, munthu wakuda woyamba m'dziko lino kukhala dokotala, amene anamwalira mu 1962. Maopaleshoni otsegula mtima anaimapo zaka zingapo n'kuyambiranso mu 2023, ndipo owafuna ndi ambiri. Kwathu matenda ngati awa timangomva kuti uje amutumiza ku India.

Adokotala anajambula mtima kuseri kwa fomu. Zipinda zinayi, zitseko zinayi zimene amati mavavu, ntchito yake kutseguka kuti magazi adutse, n'kutsekeka kuti asabwerere. Ya mwana wathu, yotchedwa mitral, imene ili kumanzere pakati pa chipinda chapamwamba ndi chapansi, yauma, khomo lake lachepa, komanso sitsekeka bwino. Magazi ochokera kumapapo amachita mzere pakhomopo mpaka kudzazana m'mapapo momwemo. Ndiye wefuwefu uja. Anationetsanso pa echo, kanema wa mtima amene amajambula poyendetsa kachipangizo pachifuwa. Ine ndinkangoona mitambo mpaka analoza ndi bolopeni.

Kenako anafunsa achemwali ngati mwanayu ali wamng'ono ankadwaladwala zilonda zapakhosi, kapena kutupa mawondo ndi akakolo, ululu wake wosamukasamuka, lero bondo ili mawa linalo. Achemwali anati sakukumbuka bwino. Ine ndinaweramira pansi.

Akuti chimayamba ndi kachilombo ka pakhosi kotchedwa streptococcus. Thupi polimbana nako limasokonezeka n'kuyamba kudziluma lokha, molumikizana mafupa ndi m'mavavu. Mawondo amachira, koma mtima umatsala ndi zipsera zimene zimadzaonekera patapita zaka. Penisilini akaperekedwa zilondazo zikangoyamba, zambiri mwa izi sizichitika.

Tsiku la opaleshoni lasunthidwa ndi sabata. Apeza dzino lobooka lofunika kuzula kaye, chifukwa tizilombo ta m'dzino lovunda tingalowe m'magazi n'kukamanga pa vavu yatsopano. Zoti dzino ndi mtima n'zapachibale ndazidziwira kuno.

Pobwerera tinadya sadza ya dola imodzi ndi masamba a covo. Sadza ndi nsima yomweyi koma yolimba, yoti ukagenda nayo galu akhoza kulira.

Lamulungu, 12 Okutobala, Mabvuku

Tinapita ku CCAP. Ulaliki unali wosakaniza Chishona ndi Chichewa, koma nyimbo zina ndi zomwe timaimba kwathu, ndipo amayi achikulire amaziimba osayang'ana m'buku. Potuluka amayi a mumpingo anapatsa achemwali envelopu ya madola okwinyikakwinyika. Agogo ena anandigwira dzanja nthawi yaitali akundifunsa ngati sitima ikumafikabe ku Balaka.

Madzulo inabuka nkhani ya vavu. Adokotala anati akatsegula ayesa kukonza yomwe ilipoyo, koma mmene yaumiramu tiyembekezere kusintha, ndipo mitundu ilipo iwiri. Ina amaipanga kuchokera ku nyama, ya nkhumba kapena ya ng'ombe. Imeneyo sifuna mankhwala osungunula magazi moyo wonse, koma imatha pakapita zaka 10 kapena 15, mwa achinyamata msanga kuposa apo, ndiye munthu n'kudzang'ambidwanso. Inayo ndi imene anthu amati yachitsulo. Siitha, koma magazi amakonda kuundana pa iyo, ndiye mwini wake amamwa warfarin tsiku ndi tsiku mpaka kufa, n'kumayezetsa magazi pafupipafupi. Warfarin yemweyo amavulaza mwana wosabadwa, moti mkazi akafuna kutenga mimba ayenera kuyamba wakhala pansi ndi madokotala kuti amusinthire mankhwala.

Alamu anati ya nyama, chifukwa mtsikana ayenera kudzabereka mopanda mavuto. Achemwali anati sangapirire kuonanso zimenezi kachiwiri mwana asanafike zaka 35. Anakwezerana mawu mpaka mwini wake anatuluka kuchipinda atagwira tsaya, poti dzino lija anazula Lachisanu. "Baba, chifuwa chake ndi changa. Ndikufuna andidule kamodzi." Alamu anatuluka kukayang'ana nkhuku zimene zinali zitalowa kale m'khola.

Tikutsuka mbale ndinawauza achemwali. Mwanayu anakhala ndi ine ku Chilomoni zaka ziwiri, kuyambira ali ndi zaka 9, nthawi imene kuno zinthu zinali zitathina. Pakhosi ankadwala nyengo yozizira iliyonse. Ndinkamupatsa madzi amchere ochukuchira, mandimu ndi uchi, Panado. Mawondo atatupa ndinati akukula, ndinamusisita ndi mafuta. Chipatala chinali pamtunda woyenda pansi, ine mphunzitsi wathunthu. Achemwali anapitiriza kukwecha poto nthawi yaitali. Kenako anati, "Nanga ine kuno ukuganiza ndinkamupatsa chiyani? Mandimu omwewo. Tsukuluza mbalezo, madziwa ndi ogula." Sanandiyang'ane, ndipo sindinagone.

Lachitatu, 15 Okutobala, kuchipatala

Amugoneka dzulo. Ine ndinabwera ndi chitenje, kapoto ndi kamkeka, wokonzeka kugona pansi pa bedi monga gadiyani wa kwathu. Anesi anaseka mwaulemu. Kuno kulibe zimenezo, odwala amadyetsedwa ndi chipatala ndipo abale amalowa pa nthawi yoonera odwala yokha. Ndiye ndayenda makilomita pafupifupi 600 kudzakhala pabenchi. Anandisungira kapotoko kuseri kwa tebulo lawo.

Pabenchipo ndi pomwe ndakumana ndi agogo ena aamuna, odwala m'chipatala momwemu. Ankayenda pang'onopang'ono m'khonde, paipi itatuluka pakati pa nthiti zakumanja, n'kutsikira m'botolo la madzi limene analinyamula m'munsi ngati nyali ya koloboyi. Anandimva ndikuyankhula pafoni, n'kuima.

"Mwana wanga, kwanu n'kuti?"

"Ku Blantyre, agogo. Koma kumudzi ndi ku Ntcheu."

Botolo lija anatsala pang'ono kuligwetsa. Iwo ndi a ku Tsangano. Anachokako mu 1961 ali kamnyamata, anagwira ntchito m'migodi ya golide cha ku Mazowe ndi Shamva mpaka mphamvu zinatha, ndipo sanabwererenso. Anadzitchula okha kuti mtchona, akuseka. Fumbi la mumgodi linawaumitsa mapapo, chifuwa chachikulu chinadzawonjezera, ndipo chaka chino chibayo chawasiyira mafinya pakati pa papo ndi nthiti. Za botololo amazidziwa kuposa ine mphunzitsi. Madziwo akuti ndi chitseko: zoipa zimatuluka, koma mpweya sungabwerere m'chifuwa. Lamulo ndi limodzi, botolo lisakwere kuposa chifuwa, apo ayi zonse zibwerera momwe zachokera. Mafinya akakana kutha, adzawatsegula pakati pa nthiti n'kusenda chikhungwa chimene chakuta papolo kuti lifufumenso.

"Ndiye mukuopa?" ndinawafunsa.

"Ndinkalowa pansi pa nthaka ndi kandulo pachipumi, mayi. Koma inde, ndikuopa."

Ndinawagawira usipa wokazinga umene mwana sanaufune. Anaununkhiza kaye asanadye.

Lachinayi, 16 Okutobala

Anamutenga 7 koloko m'mawa atavala kagauni kotseguka kumbuyo. Anatiseka kuti tayimirira ngati tikujambulitsa. Chitseko cha fiyeta chitatsekeka, achemwali miyendo inawathera.

Dzulo madzulo adokotala ogonetsa anthu anatifotokozera zimene zichitike, ndipo ndinazilemba kuti mutu ukhale ndi chogwira. Amadula fupa la pakati pa chifuwa kuchoka m'mwamba kufika m'munsi. Amalowetsa mapaipi amene amatulutsa magazi kupita m'makina, makinawo n'kumawapatsa mpweya ndi kuwapopera m'thupi, kugwira ntchito ya mtima ndi mapapo pamodzi. Kenako amathira mumtima mankhwala okhala ndi potassium, mtima n'kuima. Kuimiratu. Amasoka vavu mtima uli chete, akatha amalola magazi ofunda kubwereramo, n'kuyambanso kugunda, nthawi zina wokha, nthawi zina atauthandiza ndi kamagetsi. Fupa amalimanga ndi mawaya amene amakhala momwemo moyo wonse. Makina amenewa anagwira ntchito bwino koyamba pa munthu mu 1953 ku Philadelphia, m'manja mwa Dr John Gibbon, chaka chomwe chitaganya chinkayamba kuno.

Cha m'ma 10 ndinayang'ana wotchi n'kuganiza kuti mwina pompano mtima wa mwana uja sukugunda, ine ndili pano ndi paketi ya maputi m'manja. Maputi ndi mbuliuli zawo. Ndinalephera kumeza.

Alamu akachita mantha amalongolola. Anauza benchi yonse kuti woyamba kuika mtima wa munthu mwa munthu wina anali wa kuno kummwera, Christiaan Barnard, pa 3 Disembala 1967 ku Groote Schuur, Cape Town, ndiye kavavu kamodzi n'kachani. Ananena katatu. Kachitatuko achemwali anati, "Bambo ake, khalani chete," ndipo anakhaladi chete. Mayi wina amene mwamuna wake anali m'fiyeta ina anatithirira Mazoe m'kapu ya fulasiki yake, tinamwa mopatsirana osadziwana ndi mayina omwe.

Adokotala anatuluka 1 koloko itadutsa, pamphumi pali mzere wa chipewa. Yakale sinakonzeke, aika yachitsulo, mtima unadzuka wokha. Alamu anakhala pansi penipeni pasimenti.

Madzulo anatilola kulowa mmodzimmodzi m'chipinda cha odwala mwakayakaya, titasamba m'manja. Paipi pakamwa yolumikiza ku makina opumira, mapaipi awiri pansi pa chifuwa otulutsa magazi otsalira, madiripi m'khosi ndi m'mikono, nkhope yotupa. Ndikanapanda kuuzidwa bedi sindikanamuzindikira. Ndinagwira chala chakuphazi, chinali chofunda. Ndinatuluka msanga chifukwa mutu unayamba kuzungulira, ndipo sindinafune kuti anesi asiye wodwala n'kumatola ine.

Loweruka, 18 Okutobala

Paipi ya pakamwa anachotsa usiku womwewo, ndipo mawu ake oyamba akuti anali opempha madzi. Lero amukhazika pampando. Ine ndinkaganiza kuti munthu wong'ambidwa chonchi agona mwezi osatembenuka, koma ayi, akumudzutsa, akumuyendetsa, akumukakamiza kupuma mozama ndi kutsokomola kuti makhololo asakhazikike m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Potsokomola amakumbatira pilo pachifuwa. Amalira, amawanena a physio, omwe amamuchititsa zimenezi, m'Chishona chimene sindinapemphe kuti andimasulire, kenako amatsokomola.

Mapazi ayamba kuphwa. Zala zaoneka.

Agogo a ku Tsangano anabwera ndi botolo lawo mpaka pakhomo la wodi ya amayi kudzafunsa za "mdzukulu". Iwo awauza kuti awachita Lachiwiri.

Ine ndatopa. Makombi awiri kupita, awiri kubwera, tsiku lililonse, ndipo nsapato yayamba kundidya chidendene. Dzulo ndinagona m'kombi mpaka hwindi anandidzutsa ku Tafara.

Lachisanu, 24 Okutobala, Mabvuku

Watuluka dzulo, ndi thumba la mankhwala ndi kabuku kolembamo INR, nambala yosonyeza mmene magazi asungunukira. Yake iyenera kukhala pakati pa 2.5 ndi 3.5. Ikatsika magazi angaundane pavavu, ikakwera angatuluke m'nkhama, m'mphuno, ngakhale m'kati mosaoneka. Jakisoni wa penisilini wa mwezi ndi mwezi apitirizabe, kuti kachilombo kaja kasabwerenso kudzagwira mavavu otsalawo. Kunyamula ndowa kapena chigubu ayi, mpaka fupa ligwirane, masabata 6 mpaka 8. Pamenepa anasangalala poyera.

Ku khitchini ndiye kunali msonkhano. Masamba obiriwira, nkhwani, bonongwe, mpiru, covo yemweyu, ali ndi vitamini K amene amafooketsa warfarin. Achemwali atamva anafuna kuzula dimba lonse. Koma anesi ananena momveka kuti asasiye masamba, azingodya mofanana masiku onse, osati sabata ino mbale yodzaza, sabata yamawa osalawa. Ndiye tamusankhira chipande chake, chaching'ono chija chothyoka chogwirira. Mankhwala azitsamba ndi mapiritsi ogula pa okala, osayamba wafunsa, ayi. Mawu amenewa ndinawanena ndine, ndipo achemwali anandiyang'ana pang'ono.

Usiku magetsi anathima, firiji inaleka kulira. Tili chigonere m'chipinda chimodzi ndinamva ka "thi, thi, thi", ngati wotchi ya pamkono ili pansi pa pilo. Ndinafufuza pawindo, ndinafufuza m'chikwama.

"Ndine, Mainini," anatero mumdima. "Ndikusokosani?"

Ndinati ayi. Wagona pilo mmodzi. Ndinawerenga mpaka 300, kenako sindikudziwa.

Lachiwiri, 28 Okutobala, pa Roadport

Basi akuti inyamuka 6 koloko, pano ndi 7 ndipo akumangabe matumba a shuga ndi mabulangete. Tchuthi chimene ndinapempha kusukulu chatha. Achemwali andilongedzera Mazoe awiri ndi buledi, kapoto kanga kabwerera osaphikamo kanthu.

Dzulo ndinapita kukatsanzika agogo aja. Anawachita Lachiwiri lapitalo, bala lili m'mbali kutsata nthiti, ndipo tsopano mabotolo ndi awiri. Mawu ndi ochepa koma akuti mpweya ukufika pansi pomwe sunkafika. Anatulutsa pansi pa pilo kapepala kopindidwa kanayi, mkati muli madola 10. Alembapo dzina la mudzi, dzina la mfumu imene inalipo mu 1961, ndi la mlongo wawo amene anamusiya akuyamwa. Ndinawauza kuti ku Ntcheu ndipita pa Khirisimasi, ndipo kuchoka kwathu kufika ku Tsangano ndi ulendo wina pawokha, msewu wake mvula ikayamba ndi wovuta. Anati palibe changu.

Kapepalako ndakaika m'pasipoti. Kondakitala wayamba kuitana mayina.